KUCEZA NDI ALIMI: Dzanja limodzi la mpunga ndi thumba lonse

Alimi anzathu a kwa Maganga ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, sabata ino tisiye kaye za mbeu. Ticeze za anthu aja amene amayenda m'midzi cisankho cikayandikira, nafunsa kuti, "Kukadakhala kuti tikuvota mawa, inu mukadasankha yani?" Akatha kufunsa amakawerenga mayankho, ndipo timamva pa wailesi kuti uje ali patsogolo, uje ali m'mbuyo. Pamenepo mkangano umabuka pa doko ndi pa msika. Wina ati anthuwa ngabodza, anadya ndalama za cipani. Wina ati basi zatha, kukavota nkutaya tsiku la ku dimba. Onse awiriwa alakwa.

Taonani wogula mpunga. Iye sakhuthula thumba lonse kuti adziwe ngati mpunga uli wabwino. Amapisa dzanja, natapa pang'ono, nayang'ana. Koma wocenjera satapa pamwamba pokha iai, cifukwa adziwa kuti alipo ena amene amaika wabwino pamwamba, wosweka pansi. Amatapa pamwamba, pakati ndi pansi. Nchito ya ofunsa mafunso iri cimodzimodzi. M'caka ca 2014 bungwe la Afrobarometer linafunsa anthu 2,400 okha m'dziko lonse lino, pamene olembetsa kuvota anali oposa 7 miliyoni. Midzi yofikako amaisankha mwa maere m'zigawo zonse zitatu, monga mwa kuculuka kwa anthu, ndipo nyumba yina akafunsa mwamuna, yotsatira amafunsa mkazi. Tsono ngati m'mudzi mwanu simunafike munthu, musati pamenepo pali cinyengo. Dzanja silikhudza njere iriyonse.

Kuculuka kwa ofunsidwa sikuthandiza ngati anatapa pamwamba pokha. Ku America m'caka ca 1936 magazini ya Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni, niinena kuti Landon agonjetsa Roosevelt. Koma maina ambiri inawatenga m'mabuku a anthu okhala ndi telefoni ndi galimoto, ndipo masiku amenewo anthu otere anali opeza bwino. Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. George Gallup, amene anafunsa anthu ocepa kwambiri koma osakaniza bwino, ndiye anachula wopambana weniweni.

Nanga kwathu kuno zayenda bwanji? Afrobarometer mu 2014 inapeza kuti pa anthu 100 alionse, 27 anali kufuna a Peter Mutharika, 21 a Lazarus Chakwera, 19 Mai Joyce Banda ndi 14 a Atupele Muluzi, ndipo eni acewo anacenjeza kuti mpikisano ngwothina. Pa 20 Meyi anthu atavota, anaiwo anatsatana monga momwemo: a Mutharika 36, a Chakwera 28, Mai Banda 20, a Muluzi 14. Analipo ena caka comweco amene analengeza kuti Mai Banda apambana, koma iwo anathera pacitatu. Mu 2020 bungwe la ku Zomba lochedwa Institute of Public Opinion and Research, mwacidule IPOR, linapatsa a Chakwera 51 ndi a Mutharika 33, ndipo pa 23 Juni a Chakwera anapeza pafupifupi 59, a Mutharika oposa 39. Mu 2025 IPOR yomweyo inati a Mutharika ali ndi 41, a Chakwera 31. Pa 16 Sepitembala a Mutharika anapeza pafupifupi 57, a Chakwera 33.

Mwaona kuti katatu konse ofunsa okhulupirikawa anachula bwino amene ali patsogolo, ngakhale anthu a cipani cotsalira m'mbuyo anawanyoza nthawi iriyonse. Mu 2020 anakwiya ndi a mbali yina, mu 2025 anakwiya ndi a mbali inzace. Bungwe ndi lomwelo. Koma mwaonanso kuti ciwerengero ca wopambana cinali cotsika poyerekeza ndi ca tsiku lovota, ndipo mu 2025 kusiyanako kunali kwakukulu ndithu. Lamulo la tsopano likuti mtsogoleri wa dziko ayenera kupeza mavoti oposa theka. Anthu ambiri ataona 41 uja anayesa kuti tidzavota kaciwiri. Sitinavote kaciwiri.

Cifukwa cace ciri mwa anthu amene amayankha kuti "sindinaganize" kapena "sindinena". Iwo saikidwa kwa munthu aliyense pa pepala la ofunsa, koma tsiku lovota amakaima pa mzere monga inu. Ena sanaganizedi. Ena aganiza kale, koma akaona mlendo wobvala bwino ali ndi kamakina m'manja amayesa kuti watumidwa ndi Boma kapena cipani, naopa kuti dzina lao licotsedwa pa makuponi. Ife a kumudzi timadziwa kusunga za mumtima pamaso pa mlendo. Ndiponso mafunso amafunsidwa kudakali milungu, pamene mtima wa munthu ungathe kutembenuka ndi mtengo wa cimanga kapena kusowa kwa mafuta a injini ya boti.

Palinso cina cimene ofunsa sangacione, ndico zocitika pa kuwerenga mavoti. Cisankho ca Meyi 2019 cinafafanizidwa ndi khoti pa 3 Febuluwale 2020 cifukwa ca zolakwika zambiri, kuphatikizapo mapepala a zotsatira opakidwa Tipp-Ex. Mlandu umenewo unaweruzidwa ndi mboni ndi mapepala a ku malo ovotera, ndipo kafukufuku wa maganizo analibe mau pamenepo.

Bvuto lathu lalikulu ndi lakuti timayesa dziko lonse ndi mudzi wathu. Munthu amene akhala pa thandala la usipa ku Senga Bay namva asodzi khumi akuchula dzina limodzi, ayesa kuti Malawi yense watero. Koma mavoti a dziko lino amasiyana kwambiri ndi zigawo. Za ku Dowa siziri za ku Thyolo, ndipo za ku Rumphi nzina. Khamu la pa msonkhano nalonso silinena zoona zonse, pakuti ena anabwera pa lole, ena anatsata nsaru ndi gule. Ndipo ziwerengero zimene zimayenda pa mafoni, zopanda dzina la mwini, muziyese mpunga wa pamwamba pa thumba. Mukamva za kafukufuku, funsani kuti wacita ndani, ndalama wapereka ndani, wafunsa anthu angati, kuti, ndiponso liti. Okhulupirika amanena zimenezi poyera.

Ofunsawa akafika pa khomo panu, apempheni akuonetseni kalata yao, ndipo mungathe kufunsa kwa a mfumu ngati anawaona. Muli ndi ufulu wokana kuyankha. Mukabvomera, nenani zoona, cifukwa yankho lanu likuimira anthu zikwi amene sanafunsidwe. Koma ciphaso canu covotera musapereke, ngakhale nambala yace. Wofunsa maganizo weniweni alibe naco nchito.