Mlandu Si wa Tayala

Pa tchuthi chapitachi ndinali kuthandiza amalume anga, amene ali ndi kagalimoto konyamulira matimati kupita nawo ku msika. Tsiku lina m'mamawa, tili pa ulendo ndi madengu odzaza, tayala la kutsogolo linaphulika. Mwamwayi sitinali pa liwiro, ndipo galimoto inangotsetserekera m'ngalande. Palibe amene anavulala, koma matimati ambiri anaphwanyika, ndipo ndalama zimene amalume anasungira fizi yanga zinathera pa tayala latsopano. Inu amene munali kufunsa chifukwa chimene ndinachedwera sabata yathunthu teremu ino, yankho ndi limenelo.

Amalume anati, "Matayala a masiku ano ngachabe." Anthu amene anadza kudzatithandiza anavomereza, ndipo wina ananong'ona kuti mwina alipo wotichitira nsanje. Koma ine ndikuti tayala lija linalibe mlandu.

Titafika ku galaja, makaniko wina wachikulire anandiitana nati, "Mnyamata iwe, popeza uli pa sukulu, tawerenga apa." Mbali ya kunja ya tayala inali ndi mizere yake ngati latsopano, koma mbali ya m'kati inali yosalala, mawaya ali pamtunda. Kodi msewu ungasankhe kudya mbali imodzi, ina n'kuisiya? Iyayi. Iwo anati gudumu linali litapotoka, osayang'ananso kumene galimoto ikupita. Pamenepo amalume anakumbukira kuti nthawi ya dzinja anagwera m'dzenje lalikulu, ndipo kuyambira tsiku limenelo chiwongolero chinali kukokera kumanzere. Iwo anangozolowera kuchigwira zolimba.

Kuwongola magudumu otere, kumene amakaniko amati alayimenti, ndi nkhani ya masamu amene timawadandaula m'kalasi. Gudumu likapatuka digiri imodzi yokha, diso silingaone. Koma tsegulani buku la matebulo: tanjenti ya digiri imodzi ndi 0.0175. Ndiye kuti pa kilomita iliyonse tayala limakhuzidwa cham'mbali pafupifupi mamita 17. Pa ulendo wa makilomita 100, zili ngati munthu walikwekweretsa pa tala mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Nsapato yanu itati ikhuzidwe chotero, kodi mukanati wosoka ndiye wolakwa?

Chinthu china chimene anthu amasokoneza ndi alayimenti ndi balansi. Pano gudumu likhoza kuyang'ana kolunjika, koma mbali ina yalemera pang'ono kuposa inzake. Tayala la galimoto yaing'ono limazungulira ka 14 pa sekondi imodzi galimoto ikamathamanga makilomita 100 pa ola, ndipo pa kuzungulira kulikonse mbali yolemera ija imakoka gudumu lonse. Mukachulukitsa liwiro kawiri, mphamvu yokokayo imachuluka kanayi. N'chifukwa chake galimoto imene ili phee m'tauni imayamba kunjenjemeretsa manja a dalaivala ikafika pa msewu waukulu. Mankhwala ake ndi tizitsulo ta magalamu owerengeka timene amamatika pa limu. Kale tonse tinali ta mtovu, koma maiko a mu European Union anatiletsa mu 2005 chifukwa mtovu ndi poizoni, ndipo kumeneko amagwiritsa ntchito zitsulo zina. Makaniko uja anandiuzanso kuti ngakhale matope ouma m'kati mwa limu akhoza kubweretsa vuto lomweli, ndipo mankhwala a amenewo ndi madzi basi.

Ndikudziwa chimene ena a inu munene, pakuti amalume ananenanso chomwecho: "Pa misewu yathu ino, uwongole lero, mawa wagweranso m'dzenje. Ndalama zake zichokera kuti?" Mawu awa ali ndi nzeru, ndipo munthu wogulitsa matimati sindingamuseke akamawerenga ndalama iliyonse. Koma nditafunsa mitengo pa galaja paja, ndinapeza kuti tayala limodzi linaposa kutali mtengo wa kuwongola magudumu, tisanawerengere matimati ndi sabata yanga ya maphunziro. Ndipo kuipa kwa msewu kumeneko ndiko kutikakamiza kupimitsa kawirikawiri, monga munthu woyenda m'minga amayang'ana mapazi ake madzulo alionse.

Chodabwitsa n'chakuti pa njinga nzeru imeneyi tili nayo tonse. Gudumu la njinga likayamba kuvina, palibe mnyamata amene amati walodzedwa. Amakhala pansi n'kumanga masipoko. Koma munthu yemweyo akagula galimoto, amasamala mafuta ndi injini, namapukuta magalasi m'mawa uliwonse, osagwada n'komwe kuyang'ana pamene galimotoyo imakhudza nthaka.

Ambiri a ife tilibe galimoto, koma tonse timakwera. Tsono ndikupempha aphunzitsi athu a masamu ndi a sayansi kuti tsiku lina atitengere ku galaja, kapena atibweretsere tayala lodyeka mbali imodzi kuti tiliyeze tokha ndi rula. Ngati lisowa, lathu lija lilipo kuseri kwa khola la amalume, ndipo iwo anena kuti ndikhoza kubwera nalo teremu ya mawa.