Zapamsika: Kagulidwe ka Chakudya ku Epworth

Miyala yosanjikizana ya ku Chiremba, imene chithunzi chake chakhala chikusindikizidwa pa ndalama zapepala za dziko la Zimbabwe, ili m'dera la Epworth, makilomita oposa 10 kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Harare. Chithunzicho chinalinso pa ndalama ija ya madola 100 thililiyoni imene inatuluka mu Januwale 2009 n'kutha mphamvu patangopita masabata ochepa. Anthu okhala pafupi ndi miyalayi aona ndalama za dziko lawo zikusintha dzina kambirimbiri, ndipo zimenezi zinawaphunzitsa kagulidwe ka chakudya kamene mlendo sangakamvetse msanga.

Epworth inayamba ngati munda wa mishoni ya mpingo wa Methodist m'zaka za m'ma 1890. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunafika anthu ambiri othawa nkhondo kumidzi, ndipo kuyambira pamenepo derali lakhala likukula mofulumira kuposa misewu, mipope ya madzi ndi magetsi. Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti kuli anthu oposa 200,000. Ena mwa iwo ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. N'chifukwa chake pamisika ya ku Overspill, Munyuki kapena Domboramwari si zachilendo kumva agogo akunenerera mtengo m'Chishona, kenaka n'kutembenuka kudzudzula mdzukulu m'Chichewa.

Thumba laling'ono, mtengo waukulu

Mabanja ambiri kuno sagula chakudya cha mwezi. Amagula cha tsikulo. Ogulitsa amatenga ufa, shuga, mpunga, mchere ndi mafuta ophikira n'kuzigawa m'timapepala tapulasitiki tokwana kuphikira kamodzi kapena kawiri. Timaphukusi timeneti amatitcha tsaona, mawu a Chishona otanthauza ngozi. Ku Malawi kathumba ka ufa kotereka kamadziwika kuti walkman, pamene ku Lusaka amati pamela. Dzina la tsaona limasonyeza kuti poyamba kanali kachinthu kothawirako zinthu zikathina, koma kwa mabanja ambiri ngoziyo inasanduka moyo wa masiku onse.

Palibe angatsutse kuti wogula motere amalipira zambiri. Wogulitsa akagawa botolo la mafuta la malita 2 m'timiyezo 20, kamuyezo kalikonse kayenera kubweza gawo la mtengo wa botololo, mtengo wa pulasitiki, ulendo wokaoda ndiponso phindu lake. Banja limene lagula timiyezo tonse 20 m'masiku osiyanasiyana limakhala litalipira ndalama zoposa za botolo lathunthu. Chimodzimodzinso ndi ufa ndi shuga. Choncho amene ali ndi zochepa ndiye amagula chakudya modula kuposa mnzake wapantchito amene amakweza thumba la makilogalamu 10 m'galimoto pakutha kwa mwezi.

Apa ndi pamene alangizi ena amalakwitsa. Amafika pamsonkhano wa amayi n'kuwauza kuti azigula zinthu zambiri nthawi imodzi, ngati kuti amayiwo sadziwa kuwerengera. Amadziwa bwino lomwe, mwinanso kuposa mlangiziyo. Vuto ndi mmene ndalama zimabwerera. Mwamuna woumba njerwa, mnyamata woitanira anthu pa minibasi, mayi wochapa zovala m'nyumba za anthu ku Hatfield, onsewa amalandira pang'onopang'ono, lero dola ziwiri, mawa osapeza kanthu. Ndalama yokwana thumba lalikulu siikhala m'manja nthawi imodzi, ndipo ikati ikwane, pamakhala pali lendi, sukulu fizi kapena mwana wodwala.

Palinso zifukwa zina zimene sizinenedwa pamsonkhano. Banja lokhala m'chipinda chimodzi cha lendi lilibe posungira thumba poti makoswe ndi chinyontho zisafike. Nyumba zambiri zilibe magetsi, ndiye za firiji n'zosayamba, ndipo nyama kapena mkaka ziyenera kudyedwa tsiku lomwelo. Komanso thumba lodzadza silibisika: mnansi adzabwera ndi kambale, mlamu adzatuma mwana, ndipo mwambo sulola kumana munthu ufa umene akuuona ndi maso. Kathumba ka tsaona palibe amakapempha.

Chimene chinachitikira masitolo akuluakulu

Munthu angaganize kuti supamaketi ndiyo ingakhale yotchipa, poti imaoda katundu wambiri kufakitale. Ku Zimbabwe zimenezi zakhala zikusokonekera kawirikawiri chifukwa cha nkhani ya ndalama. Mu Juni 2007 boma linalamula kuti mitengo itsitsidwe ndi theka, ndipo patangopita masiku ochepa mashelefu anatsala opanda kanthu. Anthu anayamba kukagula ufa, sopo ndi mafuta ku Musina, Francistown ndi Chimoio. Katundu anabwerera m'masitolo mu 2009, dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi ya ku South Africa.

Mu Epulo 2024 kunabwera ndalama yatsopano yotchedwa ZiG, ndipo dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi ZiG 13.56. Lamulo linkakakamiza masitolo olembetsedwa kuboma kulandira ZiG potsatira mtengo wosinthira wa boma, pamene pamsewu dola inkagulidwa ndi ZiG zochuluka zedi kuposa pamenepo. Pofuna kupewa kuluza, masitolowo anakweza mitengo yawo ya m'madola. Mwini kagolosale kakang'ono, kamene ku Zimbabwe amati tuckshop ndipo ku Malawi angati okala, analibe vuto limeneli. Iye ankangolandira madola okha, nawonso opanga katundu ankamukonda poti amalipira kashi pompopompo. Zotsatira zake zinali zakuti munthu wokhala ndi dola m'manja ankapeza shuga ndi mafuta motchipa ku okala kuposa kusupamaketi.

Mu Sepitembala 2024 banki yaikulu inatsitsa mphamvu ya ZiG ndi maperesenti oposa 40 tsiku limodzi. Kampani ya Choppies inalengeza chakumapeto kwa chakacho kuti ikuchoka m'dzikolo, ndipo OK Zimbabwe inatseka ena mwa masitolo ake mu 2025. Lamulo lija linachotsedwa mu Epulo 2025, koma makasitomala anali atazolowera kale njira ina. Kwa munthu wa ku Epworth palinso nkhani ya ulendo: kukwera minibasi kupita m'tauni ndi kubwerera kumadya ndalama imene akanapulumutsa pa katundu wochepa.

Kutchipa kwa okala kuli ndi mbali yake yoipa. Katundu wina amalowa m'dziko mozemba pachipata, wina amakhala woti masiku ake anatha, ndipo kathumba ka tsaona kalibe chizindikiro chonena kumene kachokera. Kuyambira mu Julayi 2017 lamulo la Zimbabwe limafuna kuti ufa wa chimanga ndi wa tirigu wopangidwa m'mafakitale, shuga ndi mafuta ophikira ziziikidwa mavitamini kapena michere yowonjezera. Koma vitamini A amawonongeka ndi kuwala kwa dzuwa, choncho mafuta amene akhala tsiku lonse pabenchi m'kabotolo koonekera mkati amataya gawo la ubwino wake. Mchere wa ayodini nawo sufuna kukhala poyera ndi pachinyontho. Wogwira ntchito zaumoyo angathandize kwambiri pongolimbikitsa ogulitsa kuika katundu wotereyu pamthunzi ndi kusunga botolo kapena thumba limene anatapamo kuti wogula aone.

Nkhani ya chenje

Dola ya ku America inafika ku Zimbabwe ili yapepala yokha, popanda makobili ake. Mu 2014 banki yaikulu inatulutsa makobili otchedwa bond coins pofuna kuthetsa vutoli, koma anatha mphamvu pamene ndalama ya dzikolo inagwanso mu 2019. Mpaka pano chenje chimavuta. Wogula amapatsidwa maswiti, machesi kapena bisiketi m'malo mwa ndalama yotsala, apo ayi amauzidwa kuti adzatenge kanthu mawa. Dola yong'ambika ena amaikana. Masenti otayika moterewa amaoneka ochepa, koma kwa munthu wogula kangapo pa tsiku amakwana chakudya cha mwana pakutha kwa sabata.

Chifukwa cha ichi, malonda ambiri apamsika amayendera dola yathunthu kapena theka lake. Wogulitsa sasintha mtengo kawirikawiri. Chimene chimasintha ndi kukula kwa mulu wa tomato kapena mpukutu wa repu. Mlimi wofuna kugulitsa m'dera ngati limeneli ayenera kuzindikira zimenezi. Kabichi wamkulu amene angapambane mphoto pachionetsero cha zaulimi amavuta kugulitsa kwa mayi wa banja la anthu anayi wopanda firiji, pokhapokha atadulidwa pakati. Tomato wapakatikati amapanga milu yooneka bwino ndipo amatsala wa banyira.

Kuchokera ku Mbare kufika pabenchi

Ndiwo zambiri zogulitsidwa ku Epworth zimadzera ku Mbare Musika, msika waukulu wopikulitsa wa mu Harare. Kumeneko kumafika tomato wa ku Mutoko ndi Murehwa, masamba a ku Domboshava, mbatatesi ya ku Nyanga ndi nthochi za ku Honde Valley. Amayi ageni amadzuka kusanache kukaoda, n'kubwerera ndi madengu dzuwa likutuluka. Pakati pa iwo ndi mlimi pamaima anthu otchedwa makoronyera, amene amagula kwa mlimi wotopa ndi ulendo wa usiku pamtengo wotsika n'kugulitsa pomwepo mokwera. Moto umene unawononga gawo lalikulu la msikawu mu Okutobala 2024 unasonyeza kuopsa kodalira malo amodzi.

Alimi a m'madera oyandikana, monga Goromonzi ndi Seke, akhoza kupindula atagwirizana ndi gulu la amayi ageni kuti azibweretsa ndiwo mwachindunji pa masiku odziwika. Chovuta si mtunda koma kukhulupirika: wageni amene wadikira mlimi mpaka dzuwa kukwera osamuona sadzadikiranso. Mfutso, umene Ashona amati mufushwa, ndi malonda ena amene alimi amawapeputsa, chonsecho suwola ndipo ndi woyenera nyumba yopanda magetsi.

Magulu ogulira pamodzi

Njira imene imachepetsadi mtengo ndi yosonkherana. Magulu otchedwa mukando, ofanana ndi chipereganyu kapena banki m'khonde, alipo ambiri, ndipo ena cholinga chawo ndi kugula zakudya. Mamembala amasonkha mwezi ndi mwezi, amakagula kusitolo yopikulitsa, n'kudzagawana mu Disembala. Amene anapsa mu 2008 ndi mu 2019 sasunga ndalama m'bokosi mpaka chaka kutha. Amagula katundu wosawonongeka mwezi womwewo, poti botolo la mafuta silitha mphamvu ngati ndalama.

Komabe kugawana kamodzi pachaka kumakometsa Khirisimasi, osati miyezi 11 inayo. Gulu la mabanja asanu kapena khumi losonkha ndalama yochepa sabata iliyonse, n'kugula botolo limodzi la mafuta ndi thumba limodzi la ufa n'kugawana tsiku lomwelo, limachita zimene wogulitsa tsaona amachita, koma phindu limatsala m'mabanjamo. Pamafunika sikelo kapena kapu imodzi yovomerezedwa ndi onse, ndiponso kope lolembamo, chifukwa magulu otere kawirikawiri amapasuka pa nkhani ya muyezo.

Mlangizi woyambitsa gulu lotere asaiwale chinthu chimodzi chimene okala ali nacho, chomwe supamaketi ndi sitolo yopikulitsa zilibe: kabuku ka ngongole. Tsiku limene ganyu sanapezeke, mwini okala amene amadziwa banjalo amapereka ufa ndi mafuta n'kulemba dzina. Amachita zimenezi kwa makasitomala amene amamugula masiku onse. N'chifukwa chake mayi angalowe m'gulu logulira pamodzi koma n'kumapitabe ku okala kukagula mchere ndi machesi pamtengo wokwera, kuti dzina lake lisafufutidwe m'kabukuko.