Kanema wa Dijito ku Bulawayo: Nsanja Zilipo, Phunziro Lili Kuti?

Mu 2006, pa msonkhano wa bungwe la ITU ku Geneva, mayiko adagwirizana kuti pofika pa 17 June 2015 wailesi za kanema zikhale zitasamukira ku dijito. Zimbabwe idaphonya tsikulo. Chiyambire pamenepo, nkhani yakhala ya nsanja zoulutsira, madikoda ndi ndalama zakunja zosakwana. Koma ukafunsa chimene mwana wa ku Sizinda adzaphunzire kanemayo akayaka, akuluakulu amangoti duu.

Sizinda ndi dera la mu Bulawayo kumene kudakhazikika antchito a njanji ambiri ochokera ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia, ndipo zidzukulu zawo zikadalipo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Komatu chiyankhulo chongolembedwa m'malamulo chili ngati khasu lotsomekedwa kudenga: silima.

Chomvetsa chisoni n'chakuti luso lake si lachilendo. Wailesi ya dijito imatha kutumiza pulogalamu ya kompyuta limodzi ndi chithunzi, mobwerezabwereza, mpaka dikoda itaigwira. Mafunso a masamu kapena a kuwerenga amaoneka pa kanema, mwana amayankha ndi rimoti, dikoda n'kumuuza pomwepo ngati wakhoza kapena walakwa. Intaneti sifunika pa zimenezi. Ndipo phunziro limodzi likhoza kunyamula mawu a Chindebele, Chikalanga, Chitonga ndi Chichewa, mwana n'kusankha yekha. Brazil sidadikire azungu: akatswiri a pa mayunivesite a PUC-Rio ndi Paraíba adadzipangira Ginga, pulogalamu yoyendetsa zoterezi m'dikoda.

Nduna za SADC zitakumana ku Lusaka mu 2010 zidasankha njira ya ku Ulaya ya DVB-T2, pamene Botswana mu 2013 idatsata ya Japan ndi Brazil. Wina angabisale pamenepo, n'kumati Ginga ndi ya eni ake. Kumeneko n'kuzemba chabe, pakuti Britain idachita zomwezo pa DVB ndi MHEG-5.

Ena amati kanema watha ntchito, mwana wa lero amaphunzira pa foni. Foni ya ndani? Pakhomo pa ana asanu foni imakhala imodzi, imapita ku msika ndi amayi m'mamawa, ndipo mabando ake amalimbirana ndalama ndi ufa. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, boma lidathawira ku maphunziro a pa wailesi ya mawu, imene imayankhula yokha osamva yankho la mwana. Mu November chaka chomwecho, bungwe la Broadcasting Authority of Zimbabwe lidapereka ziphaso kwa wailesi za kanema 6 zatsopano. Kuchuluka kwa wailesi sikuchulukitsa aphunzitsi. (Za magetsi ozimazima n'zoona, koma foni nayonso siidya nsima.)

Bulawayo ili ndi yunivesite ya NUST, yokhazikitsidwa mu 1991, yophunzitsa za makompyuta. Ili ndi Montrose Studios ya ZBC. Ili ndi aphunzitsi opuma pantchito odziwa ziyankhulo zimenezi. Chosowa ndi lamulo lakuti dikoda iliyonse yolowa m'dziko izitha kuyendetsa mapulogalamu otere, ndi ndalama zolipirira owalemba. Lamulolo likachedwa, madikoda otchipa ongoonetsa mpira adzadzaza m'nyumba za ku Sizinda, Makokoba ndi Luveve, ndipo palibe kholo limene lidzagule dikoda yachiwiri.