Mwana Akabwera ndi Manja Akuda



Ambiri a ife kunyanja kuno tikatumiza mwana ku Lilongwe kukaphunzira uinjiniya, m'mutu mwathu mumakhala chithunzi chimodzi: tayi pakhosi, ofesi ku City Centre ndi nyumba ya mpanda ku Area 10. Ndiye akabwera patchuthi zikhadabo zili bii ndi oyilo, n'kutiuza kuti wakhala akupala chitsulo ndi tupa, timayamba kung'ung'udza kuti fizi yathu yalowa m'madzi. Tisafulumire kudandaula.

Taganizani injini ya boti itafa usipa uli pachimake, kapena chigayo chitaima chifukwa shafiti yadyeka. Mwakwera basi mpaka ku Old Town, mwazungulira masitolo onse a mu Malangalanga koma chitsulocho kulibe. Amene angakupulumutseni ndi munthu wodziwa makina otchedwa lathe.

Makinawa amagwira chitsulo n'kumachizunguza, ndipo mpeni wolimba umachisenda pang'onopang'ono mpaka chifike pa muyeso wofunika. Ndi mmene amapangira mashafiti, mabushi ndi mazinga a mabawuti. Wophunzira amayeza ntchito yake ndi kachipangizo kotchedwa micrometer, kamene kamaona kusiyana kwa 0.01 ya milimita, kuchepa kwake kuposa tsitsi limodzi. Akasenda mopitiriza, chitsulo chatayika, sichibwereranso. Pamenepa m'pomwe mwana amaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Luso limeneli si lachilendo kwa ife. Sitima ya Ilala inabwera kuchokera ku Scotland ili zidutswazidutswa, ndipo anailumikiza ku Monkey Bay n'kuyamba kuyenda mu 1951. Kuti ikhale pamadzi zaka zonsezi ndi manja a amisiri a zitsulo. Lero maphunziro a ntchito zamanja amapezeka ku Lilongwe Technical College, ku Namitete, ku Salima ndi kwina, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Ngakhale wofuna digiri ku MUBAS, yomwe mpaka 2021 tinkaidziwa kuti Polytechnic, ayenera kuimapo pa makinawa. Injiniya amene sanasendepo chitsulo amajambula zinthu zimene mmisiri sangathe kupanga.

Koma pali chenjezo limene tiyenera kuwapatsa ana athu. Lathe ilibe chisoni. Ikakola nsalu imakoka ndi mwini wake yemwe. Choncho mkanjo, malaya a manja olendewera, mphete ndi wotchi zitsale kunja. Magolovesi nawonso savalidwa pa makinawa, koma magalasi oteteza maso asaiwalike. Mwana wamkazi asaletsedwe maphunzirowa chifukwa cha hijabu. Avale yothina bwino kumutu, nsonga zake azilowetse mkati mwa ovolosi, ndipo akambirane ndi mphunzitsi wake tsiku loyamba lomwe. Akatero wasunga ulemu wake ndi moyo wake womwe.

Tsono mwana akabwera, tisangofunsa za malikisi. Timufunse kuti waima kangati pa lathe, wapangapo chiyani ndi manja ake, ndipo atisonyeze. Ngati teremu yonse yatha akungokopera za pabolodi, tipite tikafunse akuluakulu a pasukulupo, pakuti ndalama ndi zathu. Koma akatulutsa m'thumba kabawuti kamene wasema yekha, timuyamikire. Tsiku lina injini yathu ikadzafa, sitidzakweranso basi.

Wassalam.