Lole yakale pakhomo ndi sukulu, koma msoko uyesedwe

M'makomo ambiri, kucokera ku Chipata mpaka ku makomboni a mu Lusaka, muli motoka yakufa imene inakhazikidwa pa miyala kapena pa njerwa. Matayala anaphwa kale-kale, nkhuku zimaikira mazira pa mpando wa dalaivala, ndipo ana amabisalamo posewera. Tsiku lina amabwera ogula zitsulo zakale ndi sikelo yao, nachula mtengo wa pa kilo, ndipo motoka imene inadyetsa banja lonse imacoka zidutswa-zidutswa kukasungunulidwa. Ife tikuti makolo anzathu asafulumire kugulitsa. Ngati pakhomopo pali mnyamata kapena mtsikana amene anatsiriza Giredi 12 koma angokhala, motoka imeneyo ndi sukulu. Komanso tifuna kunena poyera kuti sukulu ya pakhomo ili ndi malire ake, ndipo ife tinatsala pang'ono kuwadziwa mocedwa.

Pakhomo pathu panali Mitsubishi Canter imene anatisiyira malemu akulu athu. Inanyamula cimanga, thonje ndi nshawa zaka zambiri mpaka bodi yake inadyeka ndi dzimbiri. Injini inali ikali ndi moyo, koma munthu akaima kumbuyo anali kuona nthaka pansi pa mapazi ake. Mnyamata wathu, amene sanapeze malo ku koleji, anatipempha kuti tisaigulitse, ayesepo kuikonza yekha. Ife amene tinapita ku seminale yaing'ono tinaphunzira zambiri za m'mabuku, koma rodi tinali tisanaigwirepo. Tinagulitsa nkhumba ziwiri, n'kugula kamakina ka inverter kamene kamayendera magetsi a m'nyumba, gilainda, cigoba cochinga kumaso ndi paketi imodzi ya marodi.

Cinali caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kubwera maola ocepa cabe, nthawi zina pakati pa usiku. Mnyamatayo anali kudzuka nao malaitiwo. Masabata oyamba rodi inali kungomamatira pa citsulo, kapena kuboola mabowo m'malo motseka. Kuocherera zitsulo, kumene ambiri timangoti kuwelda, kumaoneka kosabvuta ukamaonerera patali. Koma moto wa kunsonga kwa rodi umapitirira madigiri 3,000, pamene citsulo cimasungunuka pafupi ndi madigiri 1,500. Dzanja likacedwa pang'ono lata laboka, likafulumira msoko sugwira.

Pang'ono ndi pang'ono anayamba kudziwa zimene munthu sangadziwe pongouzidwa. Anadziwa kuti rodi ya 6013 yonenepa mamilimita 2.5 imafuna maampu apakati pa 60 ndi 90, ndipo ya 3.2 imafuna oposerapo, mpaka 130. Anadziwa kuti lata la bodi silifuna msoko wautali wa nthawi imodzi cifukwa limapindika ndi kutentha. Umayamba wagwiriza ndi timadontho apa ndi apo, n'kulisiya lizizire. Anadziwa kuti khungwa lakuda lokuta msoko liyenera kugomoledwa lonse usanabwerezepo. Pomacita zimenezi anaphunziranso kupima, kudula molunjika, ndi kuwerengera kuti paketi imodzi ya marodi ifika pati. Mwana amene anali kudzuka dzuwa lili pamutu anasanduka munthu wosunga nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo lole ija inamphunzitsa kudekha kuposa malangizo onse amene tinampatsa kuyambira ali wamng'ono.

Ici ndico cifukwa cake tikuti citsulo cakale pakhomo ndi sukulu. Pa lole yake-yake mwana amalakwitsa popanda womuthamangitsa nchito, ndipo amaona ndi maso ake cinthu cakufa cikuyamba kuoneka. Ndalama zimene wogula zitsulo angakupatseni zitha mwezi usanathe, koma luso silitha.

Tsono timve za malire. Oyamba ndi a thupi la mwanayo. Tsiku lina anagwiriza madontho angapo osabvala cigoba, poganiza kuti kutsinzina n'kokwanira. Usiku womwewo anatidzutsa akulira kuti m'maso muli mcenga. Kuwala kwa motowo kumaocha khungu la diso, ndipo ululu umayamba patapita maola angapo. Anthu amati thirani mkaka kapena ikani mbatata, koma malo oyenera kupita ndi ku kiliniki, ndipo mankhwala eni-eni ndi galasi lakuda la nambala 10 kapena 11, osati magalasi a dzuwa amene timaona anyamata atabvala m'mphepete mwa miseu. Ana aang'ono nao asamaime pafupi kuonerera.

Palinso zina zimene munthu sapatsidwa mpata wophunzira kawiri. Thanki ya mafuta, kaya ya petulo kaya ya dizilo, imakhalabe ndi mpweya woyaka ngakhale mutakhuthula zonse, ndipo moto ukaifika imaphulika. Icotsedwe ndi kuikidwa patali nchito isanayambe. Batire imasulidwe, ndipo waya wa earth amangidwe pafupi ndi pamene mukuocherera, kuti magetsi asadutse m'maberingi ndi m'mawaya a motoka. Zitsulo zokutidwa ndi zinki, monga malata a denga ndi mapaipi ena a madzi, zimatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa mutu ndi kutenthetsa thupi ngati malungo. Kumwa mkaka sikuchinjiriza mapapo. Comwe cifunika ndi kupala zinkiyo ndi kugwirira nchito pabwalo pamene mphepo ipita.

Malire aciwiri ndiwo atipangitsa kulemba nkhani ino, cifukwa akhudza moyo wa anthu ena. Bodi itatha, mnyamata wathu anapeza kuti citsulo cogwira masipuling'i a kumbuyo pa chassis cinali cong'aluka. Anaciocherera, napalapo bwino, napakapo penti yakuda. Msokowo unali wokongola ndithu, ndipo ife tinali kuitana aliyense wodutsa kuti adzaone. Tinali titayamba kale kuwerengera matumba a cimanga amene tidzanyamulira anthu. Ndiponso tonse tidziwa kuti kwathu kuno lole sinyamula matumba okha. Pa maliro, pa ukwati, pa ulendo wa kwaya, anthu amadzaza kumbuyo, amai ali ndi makanda kumsana.

Mwa odutsawo panali mkulu wina wa m'dera lathu amene anagwira nchito ya zitsulo ku migodi mpaka kupuma. Anagwada, nayang'ana kwa kanthawi, napempha nyundo yaikulu. Atamenya kacitatu citsulo cija cinagwa pansi.

"Aphunzitsi, bwerani muone," anatero. "Apa sipanagwire. Citsulo ca rodi cangokhala pamwamba monga phula la kandulo lodonthera pa thebulo."

Mnyamatayo anati, "Koma agogo, ndinacita monga mmene ndinacitira pa bodi."

"Ndiye bvuto lake limenelo, mwana wanga. Bodi ikamasuka mutaya cimanga. Ici cikamasuka pa citunda mutaya anthu."

Anatilongosolera zimene zinalakwika. Cingwe ca magetsi cinali cacitali ndiponso coonda, motero mphamvu inali kufika yocepa. Maampu amene anakwanira pa lata sakanatha kusungunula citsulo cocindikala. Dzimbiri la mkati mwa mng'alu silinapalidwe mpaka kuyera, ndipo m'mbali simunasongoledwe kuti moto ulowe mpaka pansi. Anatiuzanso kuti manambala awiri oyamba a pa rodi amachula mphamvu ya msoko, ndi kuti pa malo osenza katundu amisiri amakonda rodi ya 7018, imene iyenera kusungidwa pouma. Za masipuling'i eni-eniwo, zitsulo za siteling'i ndi za mabuleki, anati zimenezo siziocherereredwa konse, cifukwa moto umaononga kulimba kumene zinapatsidwa ku fakitale; zikathyoka zisinthidwe. Cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Diso silingauze munthu ngati msoko wagwira.

Ena adzati, nanga bwanji osaletseratu ana kusewera ndi moto pakhomo, adikire malo ku sukulu ya nchito za manja? Ife sitibvomereza. Malo ndi ocepa poyerekeza ndi ana amene amatsiriza sukulu caka ndi caka, ndipo mwana wodikira ali manja lende amapeza aphunzitsi ena ku mabala ndi ku manyumba a juga. Amene wayamba pakhomo amafika ku sukuluko ali ndi mafunso eni-eni, ndipo sataya nthawi ya aphunzitsi.

Enanso adzati, pepala n'la ciani? Onani amisiri a ku Kalingalinga ndi ku Garden mu Lusaka, amapanga mageti, mafelemu a mazenera ndi mabedi, nadyetsa mabanja ao. Zoona, ndipo tiwalemekeza kwambiri. Koma geti silithamanga pa mseu wa Great East litasenza anthu. Ndiponso tsiku limene kontrakita womanga sukulu kapena mlatho adzafuna woocherera, adzafunsa pepala, ndipo mwana wathu waluso adzalembedwa monga wonyamula zitsulo cabe. Pepala si lonyadira. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wina wodziwa, amene si bambo wako kapena mnzako, anayesa nchito yako naipeza yolimba.

Njira ilipo. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, limayesa amisiri mayeso a trade test a magawo atatu, ndipo limazindikiranso luso limene munthu anaphunzira pogwira nchito kunja kwa kalasi. Kuno kum'mawa tili ndi Chipata Trades Training Institute, ndipo m'zigawo zina mulinso masukulu otere. Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, ndipo gawo lina la ndalamazo ndi lolipirira acinyamata maphunziro a luso. Mafomu amadzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi. Makolo ambiri sanapiteko n'komwe kukafunsa, ndipo safunsa anadya phula.

Motero tipempha zinthu zitatu. Inu makolo anzathu, mpatseni mwana lole yakaleyo, ngolo ya ng'ombe yothyoka kapena wilibala, ndipo cigoba, magolovesi ndi nsapato zotseka mugule tsiku limodzi ndi makina, osati mwezi wa mawa. Muuzeni kuyambira paciyambi kuti bodi, zitseko ndi mipando ndi zake, koma ciliconse cogwira mawilo, siteling'i kapena mabuleki cidikire mmisiri woyesedwa. Inu akulu-akulu amene munapuma nchito ku migodi, ku njanji ndi ku magalaji, musafe nalo luso lanu. Masana amodzi amene mkulu uja anakhala nafe anapulumutsa anthu amene sadzadziwa n'komwe. Inunso makhansala ndi a makomiti a m'mawadi, pogawa mabasare kumbukirani ana amene ayamba kale okha ndi timakina tao, atsikana pamodzi ndi anyamata, pakuti amenewo aonetsa kale kuti afuna.

Pali kayesedwe kosafuna ndalama kamene mkulu uja anatisiyira. Tengani tizidutswa tiwiri ta citsulo conga cimene mufuna kuocherera, tilumikizeni, timangeni pa vaisi, ndipo menyani ndi nyundo mpaka tipindike. Citsulo cikapindika msoko uli ciliri, dzanja layamba kukhwima. Msoko ukang'aluka, yang'anani m'kati mwake, mudzaona pamene moto sunafike. Ndi bwino kuti nyundo ithyole nchito ya mwana pakhomo, kusiyana ndi kuti dzenje la pa mseu lidzaithyole.

Canter yathu tsopano iyenda. Bodi yonse ndi nchito ya manja a mnyamata wathu, koma pa chassis paja panaocherera mmisiri wa pepala, mnyamatayo ali pambali kuonerera ndi cigoba cake. Sitinanyamule thumba ngakhale limodzi mpaka a RTSA ataiyesa ndi kupereka fitinesi. Mnyamatayo akonzekera trade test yake yoyamba, ndipo anthu ayamba kumbweretsera makasu a pulawo ndi ngolo kuti awakonzere. Citsulo cinagwa ndi nyundo cija sitinacitaye. Anacipacika yekha pa msomali pamwamba pa makina ake, ndipo amayamba waciyang'ana asanayatse.