Kaodzera ku Kazuni: Maofesi Agwirire Ntchito Pamodzi

Anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Vwaza, kufupi ndi nyanja ya Kazuni m'boma la Rumphi, amaudziŵa bwino ululu wa kashembe. Ntchentche imeneyi imayamwa magazi a nyama zakutchire, kenaka n'kukaluma mlimi m'munda mwake ndi kumusiyira kaodzera. Mu 2019 ndi 2020 nthendayi inakula modetsa nkhaŵa, ndipo Rumphi anakhudzidwa kwambiri.

Kwa zaka zambiri wodwala kwambiri ankabayidwa melarsoprol, mankhwala aukali amene nthaŵi zina ankapha munthu wochizidwayo. Chipatala cha Rumphi chinathandiza kuyesa mapiritsi a fexinidazole, ongomwa masiku 10, ndipo mu 2024 bungwe la WHO linalangiza kuti odwala ambiri aziyambira pa mapiritsiwo. Madokotala ndi anamwino athu tikuwayamika.

Komatu piritsi silipita lokha kumudzi. Kaodzera amayamba ngati malungo, ndipo banja limataya masabata likugula mankhwala kugolosale, pamene nthendayi siichedwa kupha. Amene angazindikire msanga ndi mlangizi wa zaumoyo ndi nyakwaŵa. Kashembeyo amaphedwa ndi misampha ya nsalu zabuluu ndi zakuda, pamene magazi amapimidwa kuchipatala. Wantchito wa Boma wonena kuti zimenezi si za ofesi yake akutichititsa manyazi.

Tsono tikupempha Bwanamkubwa wa Rumphi, mkulu wa zaumoyo, oyang'anira Vwaza ndi mafumu a Themba Chikulamayembe kuti azikumana chaka chilichonse n'kugaŵana ntchito. Nanu atsogoleri a m'nthambi, auzeni anthu asamachotse nsalu za m'misamphazo.