Kodi M'nyumba ya a Maplewood Tiseke Chiyani?

Sabata ino tili ndi mlandu ndi filimu ya ku America yotchedwa Happiness, imene Todd Solondz anailemba ndi kuitsogolera mu 1998. Tinenetu poyamba kuti si filimu ya ana, ndipo sitikutuma aliyense kukaifunafuna.

Nkhani yake ikuchitikira ku New Jersey, kumene opeza bwino amakhala m'nyumba zokongola kunja kwa mzinda. Muli akazi atatu apachibale: Joy, Helen ndi Trish. Trish amadzitama kuti ali nazo zonse: nyumba, ana ndi mwamuna wolemekezeka. Koma mwamunayo, Bill Maplewood, dokotala wa matenda a maganizo, akugwirira anyamata awiri amene amaphunzira limodzi ndi mwana wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kampani ya Universal inaipidwa nayo mpaka nthambi yake, October Films, inaleka kuigawa, ngakhale kuti inali italandira mphotho ya olemba za mafilimu ku Cannes. Ife sitili kumbali ya amene amati zoterezi zisamatchulidwe. Solondz ananena zoona: wowononga ana sabwera ndi nyanga, amadya patebulo limodzi ndi banja lake, ndipo anzake amamupatsa moni waulemu. Ife Akatolika sitingakane zimenezi. Patangopita zaka zinayi, mu 2002, nyuzipepala ya Boston Globe inaulula mmene ansembe ena anachitira nkhanza ana, akuluakulu akubisa. Kukhala chete ndiko kunateteza olakwa.

Mlandu wathu uli pena. Filimuyi ikutipatsa nthawi yaitali yokhala ndi Bill: timva maloto ake, tiona misozi yake pamene akuulula kwa mwana wake. Nanga anyamata awiri aja? Akangovulazidwa, nkhani ikuwaiwala. Chochitika chimene Bill akuthira mankhwala ogonetsa m'chakudya chakonzedwa mwakuti woonera aseke, mwinanso ayembekezere ngati mwanayo adyadi. Ena amati kuseka kowawa kotereku kumatitsegula maso. Ife tikuti kumatizoloweretsa. Munthu akaseka choipa kawiri, kachitatu sichimamudzidzimutsanso.

Chodabwitsa n'chakuti filimuyi ikudzitsutsa yokha. Kumapeto, banja lili patebulo ku Florida, Helen akuuza Joy kuti sakumuseka koma akuseka naye limodzi. Joy akuyankha kuti iye sakuseka. Yankho limenelo ndi la aliyense amene ululu wake wasanduka nthabwala za ena.

Choncho, achinyamata anzathu, pa filimu iliyonse yonena za choipa tidzifunse: kodi kamera yaima pafupi ndi yani, wolakwa kapena wolakwiridwa? Ndipo mwana akadzabwera kwa ife akunjenjemera, n'kutchula dzina la munthu amene tonse timamulemekeza, tisadzayambe taganizira mbiri ya banja. Timumvere mwanayo, ndipo tikanene kupolisi.